Madzi Amchere pa Paini wa Agogo

Mpaka lero, wina akangotchula dzina la agogo anga a Mbewe, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la utomoni wa paini, losakanikirana ndi la mabini onyowa, la buledi wowotcha lotuluka m'mawindo a anthu, ndi kautsi ka mabasi okwera msewu wa Maryhill. Ndimawaona ali kuseri kwa mdadada wa mafulati umene tinkakhala, pabwalo limene aliyense ankayanikapo zovala, atavala chijasi cha amayi chofika m'mawondo ndi chipewa choluka, atawerama pa kamtengo kamene kankakhala pathabwa, pamwamba pa njerwa zinayi. Mvula ikuwaza, mbalame za kunyanja zikukangana padenga, mayi wina akukalipira galu wake m'mbali mwa ngalande, iwo osatembenuka n'komwe, zala ziwiri zikungothyola nsonga zanthete za kamtengoko imodziimodzi, kenako n'kupukutira utomoniwo pa thalauzi limene amayi anachapa dzulo lake.

"Mkazi wanga, tabwera uwerenge," ankandiitana choncho, monga agogo aamuna amaseleulira adzukulu awo aakazi. "Pa kamtolo kamodzi pali timasamba tingati?"

"Tisanu, agogo."

"Tisanu. Paini wathu wa ku Dedza uja ali ndi titatu. Uyu ndi paini woyera, kwawo ndi ku Amereka. Ndi wobwera ngati ife tomwe."

Ine Tadala ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinabadwira konkuno ku Glasgow, ndipo Chichewa chimene mukuwerengachi ndi cha agogowo, chifukwa pa nkhani imeneyi sankanyengerera. "Chingerezi chakocho uzichivula pakhomo pamodzi ndi nsapato." Ndikawayankha m'chizungu ankasanduka gonthi mpaka ndilankhule zomveka.

Iwo anagwira ntchito ya zankhalango ku Dedza moyo wawo wonse, kuyambira kuthirira mbande ku nazale mpaka kukhala kapitawo, kubzala paini m'mizere kuti akule wowongoka, anthu adzacheke matabwa. Agogo aakazi atamwalira, amayi anavutika ndi mapepala mpaka anawabweretsa kuno. Chaka choyamba anangokhala pafupi ndi hita ngati thumba la chimanga, maso ali kukhoma. Chimene chinawadzutsa ndi mkwiyo. Tsiku lina anasuzumira pawindo n'kuona a Duncan, mdala wa Chisikoti wokhala m'fulati yapansi, akukulunga waya pa nthambi za kamtengo ka mumphika.

"Nambewe!" agogo anaitana amayi. "Tabwera uone nkhanza. Khungwa lake ndi la mtengo wa zaka makumi awiri, koma msinkhu wolekeza m'bondo. Munthu ameneyu akanakhala kwathu ndikanamuchotsa ntchito tsiku lomwelo."

Anatsika masitepe onse kukazenga mlanduwo. Chizungu cha agogo chinali cha ku mishoni, cha a Duncan chinali cha m'makwalala a Glasgow, ndiye panalibe amene anamva mnzake, koma anakangana ndi manja ola lathunthu, ndipo m'mawa mwake agogo anatsikanso. Anatsika mpaka anadziwa kuti luso limeneli amalitcha bonsayi, lolera mtengo weniweni mumphika wosazama kuti ukalambe uli waung'ono. Manja a a Duncan atayamba kunjenjemera, agogo ndiye ankagwira waya. Ana a a Duncan atabwera kudzawatenga kupita nawo ku nyumba yosamalira okalamba, a Duncan anakwera okha masitepe athu, akupumira m'mwamba, n'kuika m'manja mwa agogo chitini cha mabisiketi chodzaza ndi mawaya amkuwa, sizasi ndi kapulayala. Kuyambira pamenepo kamtengoko kanali ka agogo.

Chaka chathu chinkayenda ndi kamtengoko. Kunja kukayamba kufunda, kankatulutsa nsonga zonga timakandulo, ndipo tinkazithyola pakati kuti nthambi zisathamange. Masamba a mitengo ina akayamba kuyoyoka, tinkazula timasamba takale ta chaka chatha, ine ndikutolera m'chipewa chawo. Kukazizira ndiye inali nthawi ya waya. Ankaukulunga mopendekera, osathina, osalekerera, n'kupinda nthambi pang'onopang'ono khutu lili pafupi ngati akumvetsera, ndipo miyezi yotsatirayo m'mawa uliwonse ankayendetsa chikhadabo pansi pa wayayo kuona ngati wayamba kuluma khungwa. Ukayamba kuluma, sankaumasula, ankaudula tizidutswatizidutswa ndi kapulayala kuti nthambi isakhadzuke. Mvula ya kunoyi ikakhala sabata osakata, ankapendeketsa mphikawo ndi kamwala kuti madzi atsike, chifukwa paini sakonda kuponda m'madzi. Chisanu chikagwa amayi ankawachonderera kuti akalowetse m'nyumba.

"Ababa, kafa kamtengoka panjapa."

"Kakalowa m'nyumba mwakomo ndiye kafa. Paini amafuna kuzizidwa kuti agone. Mtengo sumaulamula, Nambewe, umaupempha. Ukapempha lero, yankho udzalimva chaka chamawa."

Kamodzi ndinawaona akukachotsa mumphika, nyengo yozizira ikutha. Anapesa mizu ndi kamtengo kosongoka, n'kudula yaitali, kusiya yaing'onoing'ono. Pakati pa mizuyo panali chuku choyera mbee, chonunkhira ngati bowa. Ndinafuna kuchisasa, anandigwira dzanja. "Usayerekeze. Ichi ndiye mnzake wa paini, chimamudyetsa. Ngakhale m'nkhalango chimakhalapo."

Tsopano ndinene za kunyumba kwathu, chifukwa sindikufuna wina adzati ndinawanamizira amayi. Anali pamoto. Ku Malawi anali namwino wathunthu, koma kuno ankasambitsa okalamba ndi kuchapa zofunda, ndipo mayeso oti awalole kugwira ntchito yawo yeniyeni anali atawagwetsa katatu. Bambo anga anapita ku Leeds kukafuna ntchito, anakapezako mkazi. Ndiye panabwera kalata ya kusukulu yonena kuti ine ndinali wamfupi kwambiri poyerekeza ndi zaka zanga, andipititse kwa dokotala. Zinali zoona. Pamzere ndinkaima kutsogolo nthawi zonse, ana a kalasi yoyamba ankandiyesa mnzawo, ndipo ena ankandinyamula m'mwamba ngati chidole, ine ndikuphupha. Amayi anawerenga kalatayo ataimirira, asanavule n'komwe yunifomu, ndipo anaipinda kanayi.

M'masiku amenewo ndi mmene a Nachisale anayamba kulowa m'nyumba mwathu. Sanali m'busa, sanali mlaliki, anali mayi chabe wa mumpingo wina umene amayi anayamba kupitako, koma ankayenda m'makomo mwa Amalawi Loweruka masana ndi amayi anzawo awiri, kupempherera mavuto. Ine sindinyoza pemphero, ndimapemphera mpaka lero. Chimene ndimadana nacho ndi munthu wolowa m'nyumba ya eni ali kale ndi yankho m'chikwama, n'kumangoyendetsa maso kufuna woti amupachike nalo.

Loweruka lina atatha kuimba, a Nachisale anaimirira pawindo la kukhitchini ndi kapu ya tiyi. Pansipo agogo anali atawerama, waya kukamwa, akupinda nthambi.

"Kodi bambowa akutani?"

Amayi anati ndi kamtengo chabe kotayira nthawi. Koma ine, pakamwa panga! Ndinkanyadira agogo anga, ndipo ndinkafuna alendo amve Chichewa changa. Ndinayala zonse. Ndinati kamtengoko kali ndi zaka zoposa makumi awiri koma sikakula, chifukwa agogo amakadula mizu, amakathyola nsonga, amakamanga ndi waya. Ndinati m'mawa uliwonse amapita kukakayendera asanamwe n'komwe tiyi, ndipo amalankhula nako.

"Amalankhula nako?" A Nachisale anaika kapu pansi. "Amati chiyani?"

"Amakapempha."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sunali ulendo wautali. Kenako anayang'ana amayi. "Mayi a Tadala, mwanayu mwati ali ndi zaka zingati? Nanga mayeso aja mwalephera kangati? Nanga bambo a m'nyumba muno ali kuti? Chilichonse chikafuna kuphuka m'nyumba muno, wina akuchithyola nsonga. Maso muli nawo, koma simukuona."

Abale inu, tamvani zimenezo! Agogo anga anali mkulu wa mpingo ku Dedza amayiwa asanaphunzire kumanga chitenje. Lamulungu lililonse ankavala tayi kupita ku katchalitchi ka pakona, kukaimba ndi azungu okalamba nyimbo zomwe ankazidziwa m'Chichewa. Komanso kufupikako, aliyense wa maso akanaona kumene kunachokera. Agogo eni akewo ankachita kukwera pa mpando kuti atenge shuga pashelefu. Amayi ankapinda miyendo ya yunifomu iliyonse. Kwathu tonse ndife a pansipansi, ndi mtundu wathu. Koma amayi sanaseke, sanakalipe, sanatsegule chitseko. Anangoti, "Mwana, pita kuchipinda."

Loweruka lililonse masana agogo ankakwera basi kukaona a Duncan, ndipo tsiku lija analephera chifukwa chofuna kumaliza waya. Amayi ankadziwa kuti Loweruka lotsatira sadzalephera. Atangotuluka ndi chipewa chawo, a Nachisale anafika ndi anzawo aja. Anawiritsa madzi m'ketulo, anakhuthulira paketi yonse ya mchere mujagi lathu la pulasitiki, anadonthezamo mafuta, ndipo tonse tinatsikira kuseri, dzuwa likuwala, zovala za anthu zili pazingwe, makatani a mafulati ena akugwedezeka.

Anayamba ndi waya. Anaugwira kunsonga n'kumaukoka ngati akumasula mtolo wa nkhuni, akufuula kuti chilichonse chomangidwa chimasuke. Khungwa linkasendeka. Nthambi yapansi, imene agogo anaipempha zaka zitatu kuti igone chopingasa, inalira kuti thyo, n'kutsala ikulendewera. Kenako anagwira thunthu n'kuzula kamtengo konse mumphika. Ataona chuku chija anabwerera m'mbuyo, dzanja pamtima.

"Ufa! Mwauona ufa wa nsembe? Mayi a Tadala, bwerani muone ndi maso anu zimene akhala akuthira!"

Ndinafuna kunena kuti si ufa, ndi mnzake wa paini. A Nachisale anandipatsa jagi lija, lolemera, lotentha m'manja. "Womangidwa ndiye adzimasule yekha. Thira, mwana wanga. Thira, ukule."

Apa ndiye pamandiwawa kwambiri, ndipo sindibisa. Palibe anandigwira dzanja. Ndinayang'ana amayi, anandigwedezera mutu. Ndinaganiza za kuima kutsogolo pamzere, za kunyamulidwa m'mwamba anzanga akuseka, ndipo mumtima munabwera kamawu kakuti, nanga bwanji ngati n'zoona? Ndinathira. Ndinathira onse mpaka dontho lomaliza, nthunzi ikukwera kuchokera m'mizu, amayi aja akuwomba m'manja. Munthu wamkulu, wa ana ake, kutenga njala ya kamwana kofuna kutalika n'kuisandutsa mpeni wobayira agogo ake. Ndikaganiza zimenezi ngakhale lero ndimasiya chimene ndikuchita n'kukhala pansi.

Agogo anabwera msanga tsiku limenelo, chifukwa anakapeza a Duncan akugona. Analowera pa kageti ka kuseri, n'kuima. Anayang'ana mphika wogubuduzika, mawaya ali mbwee pansi, kamtengo katagona m'matope mizu ili m'mwamba, ine nditagwira jagi.

"Bambo Mbewe," anatero a Nachisale, "zobisika zaululika. Lapani, Mulungu ndi wachifundo."

Agogo anavula chipewa. "Mayi, inu sindikudziwani, inunso simundidziwa. Ndi inu ndilibe mawu." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Nambewe."

"Ababa."

"Ndinakubereka kumsana ine, mwamuna, anthu akundiseka, mayi ako ali m'chipatala miyezi iwiri. Mwana uyu ndimamugwira dzanja kupita naye kusukulu tsiku ndi tsiku. Ndikufunsa iwe, pamaso pa alendo akowa. Ine ndine mfiti?"

Amayi anayang'ana masilipasi awo. "Ababa, ife timangopemphera."

"Sindinafunse zimenezo."

Ndinadikira. Tonse tinadikira. Basi inadutsa kumsewu, inaima, inanyamukanso. Wina anatseka windo m'mwamba. Amayi anga, amene ankatha kukalipira dalaivala wa basi m'chizungu mpaka apepese, anaima pamenepo pakamwa ali tsekee, zala zikupota nsonga ya chitenje. Yankho lake linali lalifupi, loti ngakhale mwana wa zaka zitatu akanalitha. Silinatuluke.

"Chabwino," anatero agogo. "Ndamva."

Anavala chipewa, ananyamula kamtengoko ndi manja awiri n'kupita nako pampopi wa panja. Anatsegula madzi ozizira n'kuwasiya akuyenda pamizu, atagwada pasimenti yonyowa, mpaka alendo aja anatola zikwama zawo n'kumapita. Anadula nthambi yothyoka ija bwinobwino, anamata balalo, anatsuka mphika, anaika timiyala tatsopano, n'kukabzalanso. Sanandiitane kuti ndiwagwirire kanthu.

Chodabwitsa n'chakuti kamtengoko kanakhalabe kobiriwira. Sabata inatha, ziwiri, mwezi. Amayi anayamba kupeza mphamvu. Tsiku lina akupakula chakudya anati, "Mwaona, Ababa, sikanafe. Nkhani ija tingoiiwala."

"Paini amafa lero," anatero agogo, "maliro ake amamveka mwezi wamawa."

Sanaiwale, ndipo sanakalipe. Bola akanakalipa. Chimene anachita ndi kuchotsa manja awo pa ine. Kale tinkadyera mbale imodzi, ndipo nthutumba ya nkhuku inali yanga, ankaibisa pansi pa ndiwo zamasamba kuti ndiipeze ndekha. Tsopano anatenga mbale yawoyawo ndi kapu yawoyawo, ankatsuka okha n'kukasunga kuchipinda. Kusukulu ankandiperekezabe, koma akuyenda kumbuyo kwanga, manja ali m'matumba a chijasi. Dzina lija la mkazi wanga linatha, ndinasanduka Tadala basi. Nditadwala chimfine chachikulu, thupi likutentha, anabwera n'kuima pakhomo la chipinda, phazi osadutsa.

"Agogo, lowani."

"Iyayi, Tadala. Ukadzatentha kwambiri adzati ndinakugwira ndine."

Ndinalira mpaka pilo ananyowa, ndipo sichinali chimfine chimene chinkandiliza.

Pa mphuthu ya chitseko cha kukhitchini a Nachisale anali atalemba kamzere ndi pensulo pamwamba pa mutu wanga, kuti tizionera zodabwitsa. Loweruka lililonse amayi ankandiimika pamenepo, zidendene kukhoma. Kamzereko sikanasunthe. Dokotala atandiyeza zonse anayang'ana amayi, anafunsa za msinkhu wa makolo awo, n'kunena kuti mwanayu alibe vuto, wangotengera. A Nachisale atamva anati mizu ya zinthuzi inapita patali, pakufunika kusala kudya. Kenako anasiya kubwera, anapeza makomo ena. Kupepesa? Ndani, iwowo? Ndinakumana nawo ndili wamkulu pa ukwati wina ku Pollokshields, anandikumbatira n'kunena kuti ndanenepa bwino. Sankakumbukira n'komwe. Kwa iwo linali Loweruka wamba.

M'sabata yachisanu ndi chiwiri timasamba tinayamba kutuwa, kenako kufiira, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Ukangokhudza tinkayoyoka. Agogo anakazula, anakakulunga m'nyuzipepala, ndipo sindinadziwe kumene anakakataya. Mphika ndi chitini cha mabisiketi chija anakwera nazo basi kukabweza kwa ana a a Duncan. Zimene anakawauza a Duncan eni ake sindikudziwa. Atabwerako anauza amayi kuti akufuna kupita kwawo.

Amayi analira, anagwada, anati kumudzi kulibe wowasamala, anati mankhwala awo a shuga akawapeza kuti, anati anthu adzati chiyani. Ananena zonse zimene munthu anganene, kupatula chimodzi chija. Ine ndinali pakhomo ndikumvetsera, zibakera zili gwa, mumtima ndikuti nenani, amayi, nenani tsopano, mwina akhala. Agogo nawo ndikukhulupirira ankadikira chomwecho, chifukwa anakhala chete nthawi yaitali amayi atamaliza. Mwina amayi ankachita manyazi. Mwina kamtima kena kankakhulupirirabe. Sindinawafunse, ndipo chilichonse mwa ziwirizi chimandinyansa mofanana.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, amayi atatsika ndi sutikesi kukadikira takisi, ndinawapeza agogo pamasitepe akumanga zingwe za nsapato. Ndinaima patsogolo pawo.

"Agogo, madzi aja ndinathira ndine. Palibe anandikakamiza. Ndinkafuna kutalika."

Anamaliza kumanga nsapato, kenako anadzutsa mutu. "Ndikudziwa. Mwana ukamupatsa jagi amathira. Iwe ulibe mlandu ndi ine. Funso langa ndinafunsa mayi ako."

Ndinawagwira dzanja mwamphamvu, ndi manja onse awiri, kuti ayerekeze kulichotsa. Sanalichotse. Tinatsika choncho masitepe onse mpaka pamsewu, ndipo ndi pokhapo pamene anandigwira kuchokera tsiku la jagi lija.

Anamwalira ku Dedza ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Amayi anapita kumaliro, ndipo achibale amati palibe analira kuposa iwo, anachita kuwagwira kuti asadzigwetsere m'manda. Ndinamva zimenezo ndili kuno, ndipo ndinangoti mxii. Misozi yodzaza ndowa kwa munthu wakufa, pamene wamoyo anapempha mawu atatu okha n'kumumana.

Mayeso aja amayi anadzakhoza ulendo wachisanu, atapeza mnzawo wowerenga naye. Anagwira unamwino wawo zaka zambiri mpaka sitiroko inawagwetsa. Lero amakhala ndi ine ndi amuna anga m'fulati yathu ku Partick. Mbali imodzi ya thupi sigwira, pakamwa panapotoka, mawu amatuluka movutikira. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndimawapesa tsitsi. Ndi amayi anga, ndipo ndimawakonda, ngakhale chikondicho chili ndi mwala mkati.

Chaka chatha ndinapita padera kachiwiri. Ndisanachire bwinobwino, kunabwera azakhali a amuna anga kudzandizonda, ndi nthochi ndi botolo la sobo. Titalowa kukhitchini anakankha chitseko, n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, usandimve molakwa. Nkhalamba m'nyumba ya banja latsopano, mimba ziwiri kuchoka, iwe sukuonapo kanthu? Zinthu zimenezi zimayenda m'magazi. Si paja bambo awo anachita kuwabweza kumudzi pa nkhani yomweyi? Aliyense amadziwa. Ndikudziwa mayi wina wamphamvu pa mapemphero, akhoza kubwera Loweruka."

Ha! Ndiye kuti zaka zonsezi dzina la agogo anga lakhala likuyenda chonchi m'makhitchini a Glasgow. Munthu anachoka yekha, mutu uli m'mwamba, koma nkhani inatsala ndi yakuti anamuthamangitsa chifukwa cha ufiti, poti mwana wake sanatsutse pamene anthu anali kumva. Ndinatsegula chitseko chija mpaka chinamenya khoma, kuti amayi, amene anali pampando wawo pabalaza, amve bwinobwino.

"Azakhali, amayi anga si mfiti. Agogo anga a Mbewe sanali mfiti. Anali munthu wolera kamtengo. Mukauze aliyense amene amadziwayo kuti ndatero ine, Tadala. Tengani chikwama chanu, nthochi zanunso tengani."

Anatuluka akung'ung'udza za ana obadwira kunja opanda mwambo. Nditatseka chitseko ndinapeza amayi akulira, misozi ikutsikira mbali yopotoka ija, dzanja lawo labwino likundikodola. Ndinagwada pafupi. Anavutika nthawi yaitali kuti mawu atuluke.

"Zikomo, mwanangu."

Sindinayankhe kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Ndinawapukuta nkhope ndi thaulo, ndinawakonzera pilo kumsana, ndinawamwetsa tiyi wawo ndi supuni mpaka anatha. Kenako ndinawayang'ana m'maso.

"Mwaona, amayi? Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi."